Maluwa Andevu Kuseri kwa Khitchini

6 Febuluwale 1988

Okondedwa a Telala,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi makina anu osokerawo. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana wayamba kudandaula m'mawa uliwonse. Lero ndawerenga pa kalendala, ndapeza kuti yakwana miyezi khumi ndi itatu chichokereni pakhomopo.

Mnzanga woyendetsa lole uja akunyamuka Lachiwiri, ndiye ndamupatsira kabokosi kanu. Mukatsegula musakhumudwe. Mulibe nsalu, mulibenso nsapato. Mupezamo zinthu zisanu ndi ziwiri zooneka ngati mbatata zofota, iliyonse ili ndi masamba odulidwa kumutu. Chonde musaphike.

Amenewo ndiwo ayirisi, maluwa aja ndimakuuzani. Kuno ku nyumba ya okalamba ndi amene ndimaswera nawo tsiku lonse. Tili ndi mabedi a maluwa khumi ndi awiri, ambiri mwa iwo ndi a pepo. Amatalika mpaka m'chiuno, ndipo pa lilime lililonse la duwa pali kamzere ka ubweya, n'chifukwa chake amawatchula kuti andevu. Ndikudziwa kale zimene munene, ndiye nenani.

Sabata yatha timagawa mabedi akale, a kapitawo n'kundilola kusankha zingapo. Mverani tsono kabzalidwe kake. Kuseri kwa khitchini, paja dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka masana, muunde mzere wokwera, dothi lake musakanize ndi mchenga kuti madzi asamadikhe. Chachikulu ndi ichi: musakwirire. Mizu ing'onoing'onoyo ndiyo ilowe pansi, koma msana wa mbatatayo uzioneka pamwamba, uziwothera dzuwa ngati buluzi. Mukaukwirira uwola. Manyowa aawisi ayi. Mutalikitse mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu, tepi muli nayo pakhosipo.

Mtundu wake sindikuuzani. Ndinasankha ndekha ndili ndi chifukwa. Mudzandiuza ndinu mu Okutobala akadzaphuka.

Kontilakiti ikutha kumapeto kwa Disembala. Januwale ndili pakhomo, ndidzaone ngati a Telala amadziwanso khasu.

Mundiuze za kumeneko. Denga la kuchipinda likudonthabe? Moni kwa achemwali anga, muwauze kuti mlongo wawo akadali moyo ngakhale iwo salemba.

Ndine amuna anu,
amene mumawatchula a Ndevu

3 Malichi 1988

A Ndevu,

Moni wa kuno. Ndili bwino, makinanso ali bwino, angofuna lamba watsopano. Za msanazo mudzisamale, simuli mnyamata.

Kabokosi kafika. Moti munthu chaka chathunthu ali kunja, mphatso yake n'kukhala mbatata zosadyedwa. Alamu anga atazona anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mlongo wawo ndevu za pankhope zamuchepera, wafuna zina za m'munda. Mawu anga anali atandilanda.

Ndabzala Loweruka. Ndinayezadi ndi tepi. Mchenga ndinakatenga pa mulu uja unatsala pomanga chimbudzi. Misana yake ili pamtunda monga munanenera, ngakhale kuti mtima sukundikhala, zikuoneka ngati mwana wogona wosafunda. Aliyense wodutsa akumandiuza kuti ndikwirire. Ndikumawayankha kuti mwini wake ndi katswiri, amalipidwa chifukwa cha zomwezi.

Denga likudonthabe, koma ndasuntha bedi, ndiye tikugwirizana.

Pakhonde la sitolo paja ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. A Nsapato, anzanga osoka nsapato pakhondepo, bondo lawo lija lakula, akuyenda ndi ndodo tsopano. Ndiwo akumandilowetsera ulusi pa singano, chifukwa singano za masiku ano akuzipanga ndi timabowo tating'ono kwambiri, kaya akusungira chitsulo.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi. Kalata zanu ndikaziwerenga ndimamva munthu amene waimirira. Zaka zitatu zija fakitale itatsekedwa, muli khale pampando wa pakhonde osayankhula ndi munthu, ndinkaopa kuti sindidzamvanso mukuseka. Tsopano mukulamula za mchenga ndi mainchesi ngati a nduna. Musasiye. Malizani bwinobwino kontilakiti yanu, za kuno zisakusokonezeni.

Pepani malembedwe, bolopeni yake ndi yovuta.

Ndine akazi anu

21 Meyi 1988

Okondedwa a Telala,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kalata yanu ya mu Malichi ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. Ya mu Epulo sindinaione, kaya inasochera, kaya sinalembedwe.

Bolopeni ija muitaye. Mizere yanu ikutsetsereka ngati munkalemba muli mu basi, ndipo mawu ena akwerana. Inu amene munkandiseka kuti ndimalemba ngati nkhuku yapalasa.

Kuno kwayamba kuzizira, kumenekonso ndikudziwa ndi chimodzimodzi. Miyezi imeneyi ayirisi safuna chisamaliro chambiri, ndipo ambiri amawapha ndi chikondi. Musamathirire tsiku ndi tsiku. Lowetsani chala m'dothi, ngati muli chinyezi asiyeni. Masamba ouma muzichotsa, asaunjikane pamsana pa mbatata. Udzu muzizula ndi manja, khasu limavulaza mizu. Kumapeto kwa Ogasiti muwaze phulusa pang'ono m'mbali mwa mzere, osati pamwamba pake.

Pali agogo ena kuno, anali namwino kale, amene amawakankha pa njinga ya olumala mpaka pa bedi lachitatu m'mawa uliwonse. Ana awo sabwera. Dzulo anandifunsa ngati ndili ndi munthu wondidikira kwathu. Ndinati alipo, ndipo ndi wolongolola. Anati ndili ndi mwayi.

Lembani, ngakhale mizere itatu. Ndikabwera ku ntchito ndimayamba ndayang'ana m'bokosi la makalata ndisanavule nsapato. Ngati pali chosowa pakhomo nenani, musachite manyazi.

Ndine wanu,
a Ndevu

17 Julayi 1988

Achimwene,

Moni. Akulemba ndine mlongo wanu, amene mumati salemba. Zaka makumi atatu ndalemba pa bolodi, ndiye ndikapuma ndimapumiratu. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso.

Alamu andipempha kuti ndikulembereni chifukwa iwo atanganidwa ndi mayunifomu a sukulu. Akuti zimene munatumiza zinafika, ayamika. Akuti maluwa ali bwino, asanu ndi awiri onse agwira, masamba atsopano atuluka pakati. Akuti sakuthirira kwambiri, akumalowetsa chala monga munawalamulira. Akuti musadandaule ndi kanthu kalikonse. Ndalemba zonse monga anandiuzira, sindinaonjezere kapena kuchotsa.

Tsopano zanga. Pali zinthu zina zimene munthu sangazilembe atapereka kale lonjezo lake, ndipo ine ndinalonjeza ndisanaganize bwino. Ndingonena kuti ngati n'kotheka pemphani tchuthi, ngakhale cha sabata imodzi, mubwere mudzaone nokha pakhomo panu. Musandifunse zambiri, ndipo musawauze alamu kuti ndalemba izi.

Ndikudziwitseninso kuti kuyambira Sepitembala mpaka kumapeto kwa Novembala kulibe ine kuno. Mwana wanga akuyembekezera, ndipo adokotala akuti mimba yake ndi yofunika munthu pafupi. Ndikadakhala ndi matupi awiri.

Ndine achemwali anu

28 Okutobala 1988

A Ndevu,

Moni. Ndili bwino. Pepani ndakhala chete.

Maluwa aphuka. Anayi atulutsa mapesi, enawo masamba okha. Ndi aatali, andifikadi m'chiuno. Mphepo inafuna kuwagwetsa, ndawamangirira ku timitengo ndi tizidutswa ta nsalu, osamangitsa. Fungo lake limafika mpaka m'khitchini m'mawa. Ndevu zake ndi zofewa ngati ubweya wa kamwana ka mphaka, sizikufanana ndi zanu.

Mtundu wake ndi wokongola kwambiri, pepo uja mumanena. Munasankha bwino. Zikomo.

Ndikuwerenga masabata.

Akazi anu

19 Novembala 1988

Mayi,

Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga kawiri, kachitatu sindinafunenso.

Maluwa amene ndinakutumizirani ndi achikasu. Onse asanu ndi awiri, achikasu. Ndinawakumba ndi manja anga pa bedi lachisanu ndi chinayi, bedi lokhalo lachikasu pamalo pano, chifukwa amafanana ndi diresi lija munavala tsiku limene ndinakuonani koyamba pa siteji ya basi. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikudikira kuti mudzatuluke m'khitchini, mudzaone, mudzakumbuke. Inu mukuti pepo. Munthu amene waima pafupi ndi duwa sangasokoneze chikasu ndi pepo. Ndiye kuti munangotenga mawu a m'kalata yanga n'kundibwezera. Kaya munataya, kaya zinawola kalekale, kaya simupitako n'komwe kuseriko, mukudziwa ndinu.

Zikadakhala kuti ndi maluwa okha ndikadangoseka. Koma mu Julayi achemwali anandilembera kuti ndibwere ndidzaone ndekha pakhomo panga, ndisafunse zambiri. Ndinapempha tchuthi cha mu Ogasiti, anandikaniza chifukwa inali nthawi yokonza mabedi. Ndinadziuza kuti mwina ndi za denga. Kenako mwezi watha mnzanga wa lole anabwera kuchipinda kwanga, anakhala nthawi yaitali akuzungulira nkhani. Pomaliza anati anakuonani Lachinayi lina mumsewu wa ku positi, mutakolowekana mkono ndi mwamuna, masana dzuwa likuswa mtengo. Akuti anaima patsogolo panu penipeni, inu n'kumudutsa ngati simukumudziwa, munthu amene anakubweretserani kabokosi mpaka pakhomo.

Ndinamukanira. Ndinatsala pang'ono kumenyana naye. Kenako yafika kalata yanu ya mizere isanu ndi bodza pakati.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mumati ndimalize bwinobwino, za kumeneko zisandisokoneze. Ndamvetsanso chifukwa chake kulemba kunakuvutani.

Akuluakulu a pano akhala akundipempha kuti ndionjezere zaka ziwiri. Ndinkakana chifukwa ndinkati kwathu akundidikira. Lolemba lapitali ndasaina. Januwale musandiyembekezere. Zapakhomo ndizitumizabe monga kale, sindine munthu wothawa udindo. Koma musadzivutenso ndi kundilembera za maluwa.

Ine

11 Disembala 1988

Achimwene,

Moni sindipereka, ndilibe.

Ndabwerako Lachisanu lapitali. Mwana wanga wachira, kwabadwa mtsikana. Ndisanamasule n'komwe chikwama ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza atakhala pa mpando wa m'khitchini, envelopu yanu ili pamwendo. Inali itatha masiku khumi osatsegulidwa. Sanafune kuti munthu wakunja awawerengere kalata ya amuna awo, ndiye ankadikira ine. Anali akumwetulira pondipatsa.

Lonjezo langa ndikuliphwanya lero, ndipo ndikudzida kuti sindinaliphwanye mu Julayi.

Akazi anu sakuona. Zinayamba musanachoke n'komwe, ankangoti ndi kutopa. Mu Juni anasoka manja a diresi la munthu chozondotsa, kenako anadzibaya ndi singano ya makina mpaka kuboola chikhadabo. Ndinawakoka kupita nawo kuchipatala cha maso. Adokotala anati madzi a m'maso akhala akupanikiza mitsempha kwa zaka, ndipo mtsempha umene wafa sudzukanso. Diso lamanja linatheratu. Lamanzere limangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ngati munthu akuyang'ana kudzera pa nsalu yokhuthala. Anawapatsa mankhwala odontheza kuti asunge kotsalako. Tili panjira yobwerera anandigwira dzanja kuti ndilumbire kuti sindikuuzani. Ankati mukamva musiya ntchito tsiku lomwelo, mubwerere pa mpando uja wa pakhonde, ndipo m'nyumba mukhala anthu awiri ofunika kuwanyamula. Ankati Januwale si kutali.

Za mayunifomu zinali zabodza, ndipo bodzalo ndinalemba ndine. Makina anavundikiridwa mu Julayi momwemo.

Mwamuna amene mnzanuyo anamuona ndi a Nsapato, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, yoyenda ndi ndodo. Ine kulibe, iwo ndi amene ankawaperekeza kuchipatala Lachinayi lililonse, wolumala kutsogolera wosaona, ndipo akazi a Nsapatowo ndiwo ankawaphikira alamu. Mnzanuyo akadatsegula pakamwa n'kupereka moni, alamu akadamuzindikira mawu.

Maluwa anu alipo, onse. Amawasamala chogwada, ndi zala. Amadziwa tsamba louma pomva kukhakhala kwake. Kalata ija ya mu Okutobala anailemba okha, atayika rula pa pepala, inawatengera masiku awiri. Mtundu sanafunse munthu. Akuti kufunsa kukadakhala ngati kuvomera kuti mphatso yanu yapita pachabe.

Kalata yanu ndinayamba kuiwerenga mokweza ndisakudziwa zili m'katimo. Nditafika pa za mnzanu wa lole ndinayesa kudumpha. Anandiimitsa.

"Alamu, mwadumpha. Werengani zonse. Ndi amuna anga, ndimadziwa pamene mawu awo akusowa."

Ndinawerenga zonse, achimwene, mpaka pa "Ine" wanu uja wopanda dzina. Sanalire. Anapinda manja pamwendo. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye anali achikasu?" Ndinati eya. Anandipempha kuti ndipite kuseri ndikaone ngati latsalako duwa limodzi, mwina ataliyandikitsa kudiso lamanzere pa dzuwa angaone kenakake. Ndinapita ngakhale ndinkadziwa. Onse anafota kalekale, mapesi anadula okha mu Novembala monga munawaphunzitsira.

Chiyambire tsiku limenelo akudya pang'ono. Ndasamukira kuno, ndikugona pabalaza.

Mlandu wanga ndikuudziwa. Ndinakulemberani theka la nkhani, theka linalo mwadzaza nokha ndi zonyansa. Koma zaka makumi awiri ndi zitatu muli ndi munthu, mukadayamba mwafunsa.

Mlongo wanu

5 Januwale 1989

Akazi anga,

Ndikudziwa kuti mawu awa akudutsa pakamwa pa achemwali. Achemwali, werengani zonse, ngakhale pamene ndikudzichititsa manyazi.

Sindikufunsani kuti muli bwanji, chifukwa ndamva, ndipo mbali ina ya mmene mulilimo ndachititsa ndine. Kalata ya achemwali inandipeza ndili m'shedi ndikunola zida. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka a kapitawo anabwera kudzandifunafuna.

Zonse zinali pamaso panga. Singano zija. Mizere yotsetsereka ija, ine n'kumakusekani za basi. M'kalata ya mu Okutobala munandiuza kutalika kwake, fungo lake, kufewa kwa ndevu zake, zonse zimene munthu amadziwa ndi manja ndi mphuno. Munthu amene anataya maluwa sakadadziwa zimenezo. Ine ndinangoona liwu limodzi lolakwika n'kumanga nalo mlandu wonse. Tsiku ndi tsiku ndimatha kuona tsamba limodzi lodwala pakati pa mabedi khumi ndi awiri, koma akazi anga akuchita khungu sindinaone.

Ndinakulakwirani, ndinalakwiranso a Nsapato ndi akazi awo. Iwo ndawalembera kalata yawoyawo. Inu sindikudziwa ndipepese ndi mawu ati. Pepani.

Ndapita katatu ku ofesi kukapempha kuti afafanize zimene ndinasaina. Akuti mapepala anapita kale ku boma, chilolezo chatsopano chatuluka. Ndikachoka pano ndiye kuti ndathawa ntchito, sindidzaloledwanso kulowa m'dziko muno, ndipo sadzandilembera kalata ya umboni. Tchuthi akuti angandipatse masabata atatu mu Julayi, ntchito ikachepa.

Ine ndaganiza zongochoka. Chikwama ndalongedza kale, chili pansi pa bedi. Koma ulendo watha ndinachita zinthu ndekha ndili wokwiya, ndipo mwaona zotsatira zake. Ulendo uno ndikudikira mawu anu. Mukangoti bwerani, ndikwera basi ya tsiku lomwelo.

Mankhwala odontheza aja musadumphitse, chonde.

Ndine amuna anu, ngati mukundilolabe

8 Malichi 1989

Bambo,

Akulemba ndi alamu, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti asakonze kanthu ngakhale ndi aphunzitsi.

Ndachedwa kuyankha dala. Ndinkafuna ndiyambe ndadziwa chimene chili mumtima mwanga, ndisakupatseni bodza lina.

Kupepesa kwanu ndakumva. Alamu andiwerengera katatu. Sindinganene kuti zatha. Masiku ena ndimadzuka ndilibe nanu mlandu, masiku ena ndimamva mawu aja akuti mwamvetsa chifukwa chake kulemba kunandivuta, ndipo chakudya chimandikanika. Inenso ndinalakwa kukubisirani. Ndinakuyesani mwana wosatha kunyamula nkhani, inu n'kundiyesa mkazi wa mumsewu. Kaya cholemera n'chiti, tidzayeza muli pano.

Chikwamacho masulani. Musathawe ntchito. Maso angawa sabwerera chifukwa choti inu mwakhala pakhonde kundiyang'anira, ndipo mankhwala ndi ulendo wa kuchipatala zikudalira manja anuwo. Ndinabisa zonsezi kuti inu musagwenso. Mukasiya, ndiye kuti ndavutikira chabe. Bwerani mu Julayi.

Munati ndisakulembereninso za maluwa, koma ndilemba. Mvula yachuluka chaka chino. Sabata ziwiri zapitazo ndili kuseri ndinamva kafungo konunkha ngati anyezi woola. Ndinapapasa mbatata zija imodzi imodzi mpaka ndinapeza yachitatu kuchokera ku mpanda itafewa, chala chimangolowa. Ndinakumbukira zimene munalemba m'kalata ina kale, za mmene mumachitira ndi zoola. Ndinatenga supuni, ndinakokota chofewa chonse mpaka ndinafika polimba, ndinathira phulusa, n'kusiya bala lake poyera kuti liume ndi dzuwa. Iyo yapulumuka. Ina ya kumapeto ndinachedwa nayo, ndaizula n'kukataya kutali. Zatsala zisanu ndi imodzi, ndipo zinayi zabereka tiana m'mbali. Ndimatha maola kumeneko. Ndi ntchito yokhayo yatsala imene sindifuna wondigwira dzanja.

Makina ndawapereka kwa mwana wa a Nsapato kuti azisokera. Tsiku limene anabwera kudzawanyamula ndinalowa kuchipinda.

Adokotala akuti diso lamanzere likucheperachepera, koma pang'onopang'ono. Pakadali pano munthu akaima pakhomo masana ndimaona chithunzi chake, makamaka akavala zowala. Ndiye mvetserani. Mukwere basi yofika masana, osati yamadzulo. Muvale malaya oyera. Mukafika musagogode, musayankhule, mungoima pakhomo la khitchini chakumanzere kwanga. Ndikufuna ndikuoneni ndekha, munthu asanandiuze kuti mwafika.

Akazi anu

26 Juni 1989

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu yonena za tsiku tailandira, Loweruka pa 15 Julayi, basi ya masana. Ndakonza kuchipinda, denga analikonza a kalipentala mwezi watha. Ine ndidzabwerera kwanga masabata atatu amenewo kuti mukhale awiri.

Iyi ndikulemba ndili ku positi, alamu sakudziwa. Ulendo uno sindinalonjeze munthu chilichonse, ndipo ndilemba nkhani yonse, osati theka.

Diso lamanzere lazima. Ndinayamba kukayika Lolemba lapitalo, pamene anandifunsa ngati kunja kuli mitambo, dzuwa lili phwee pa nkhope yawo. Lachinayi adokotala anawaunika ndi tochi, kenako anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti palibenso chotsala. Mankhwala akuti apitirize chifukwa cha ululu wokha.

Alamu sananene kuti lazima, ngakhale kwa ine. Ndikudziwa kuti akudziwa. Dzulo anagunda chitseko chimene ndinasiya chotsegula, anangoti anali ndi maganizo. Komabe m'mawa uliwonse amakoka mpando wa m'khitchini kuuyang'anitsa kukhomo, n'kundiuza kuti ndiime pamenepo ayesere. Ndimaima. Amamva kupuma kwanga, kapena nsapato, kaya chiyani, ndiye amati, "Ndakuonani, alamu." Ine ndimati mwandionadi.

Ndakuuzani kuti musadzadzidzimuke pakhomo n'kuyamba kulira, chifukwa ndimakudziwani. Lirani konko, muli ndi masabata atatu.

Musasinthe kanthu. Basi ikhale ya masana yomweyo, malaya akhale oyera omwewo, muchape ndi kusita bwinobwino. Mudzaime chakumanzere monga anakuuzirani. Pa sitepe yachiwiri pali thabwa lolira, mudzaliponde, kuti adziwe nthawi yodzutsa mutu. Akadzati akuonani, musadzatsutse.

Ndine achemwali anu